Mmene mungadzalire ndi kusamalira Astrophytum asterias

Astrophytum asterias ndi cactus wamng'ono wopanda minga ngakhale umodzi (ma cactus ndi zomera zosunga madzi m'thupi, zomwe zambiri zimamera kumalo ouma). Kachomeraka kakakula mokwanira kamakhala masentimita 5 mpaka 15 m'lifupi, ndipo msinkhu wake sukonda kupitirira masentimita 6. Kamaoneka ngati kadzungu kophwatalala kogawika zigawo 8. Pakati pa chigawo chilichonse pamatsika mzere wa timibulu ta ubweya, ndipo khungu lonse lili ndi timadontho toyera. Duwa lake ndi lachikasu, lofiira pakati, ndipo nthawi zina limabisa kachomera konse likamasula.

Kwawo n'kumwera kwa Texas ku United States, makamaka ku Starr County m'chigwa cha mtsinje wa Rio Grande, komanso ku Tamaulipas ndi Nuevo León m'dziko la Mexico. Kumeneko kamamera m'munsi mwa zitsamba zaminga, pa dothi la miyalamiyala. Kukagwa chilala kamafota n'kulowa pansi mpaka kulingana ndi nthaka, fumbi n'kukakwirira, moti munthu akhoza kukaponda osakaona. Mvula ya ku Starr County ndi mamilimita 500 mpaka 600 pa chaka, ndipo dzuwa la kumeneko limaumitsa nthaka msanga. Ku Lilongwe kumagwa mamilimita oposa 800, pafupifupi onsewo m'miyezi isanu yokha, ndipo ku Zomba ndi ku Mulanje kumagwa yochuluka kuposa pamenepo. Nkhani yonse yagona pamenepa. Kachomeraka sikafa ndi ludzu m'manja mwa munthu. Kamafa mizu yake ikakhalitsa m'chinyontho. Choncho dothi, mphika, malo ndi kathiriridwe, zonsezi muzisankhe ndi funso limodzi: kodi mizu iuma msanga?

Kokapeza

Yambani ndi njere, kapena mbande yochita kufesa ku nazale. Kachomeraka sikaphuka ana m'mbali monga amachitira ma cactus ena, ndiye kamodzi kakazulidwa kutchire ndiye kuti pamalopo patha basi. Kuzulidwa ndi anthu okagulitsa, kuphatikizapo kulambula tchire pofuna msipu wa ng'ombe, ndi kumene kunachititsa kuti mu 1993 boma la United States likaike m'gulu la zomera zomwe zili pangozi yotheratu. Kalinso pa mndandanda woyamba wa pangano la mayiko la CITES loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, mndandanda wa zamoyo zotetezedwa kwambiri. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi Britain onse ali m'panganoli. Kuolotsa malire kachomeraka, ngakhale njere zake, kumafuna chilolezo, kuonjezera pa chiphaso chosonyeza kuti chomeracho chilibe matenda. Ngati mukuitanitsa kunja, funsani za mapepalawa musanalipire.

Kochokera kutchire kamadziwika. Kamakhala kakakulu kale, ka zipsera, kouma khungu, mizu yodukaduka, ndipo wogulitsa safuna kunena kumene kanamera. Musagule. Kupatula kuti n'kulakwa, kotereka sikakhalitsa mumphika.

Mudzamvanso za mitundu yomwe alimi a ku Japan anasankha kwa zaka zambiri, monga Super Kabuto, yomwe timadontho take toyera n'tikulutikulu mpaka kuphimba khungu. Ndi yokongola zedi, koma ndi yodula ndiponso siichedwa kuwola. Kwa woyamba kumene, wobiriwira wamba uja ndiye woyenera.

Dothi

Apa musafulumire, chifukwa dothi likalakwika china chilichonse chimene mungachite sichithandiza.

Magawo 7 kapena 8 mwa 10 akhale miyala, otsalawo ndiwo dothi. Ngati kumene muli amagulitsa pumice kapena perlite (timiyala topepuka ta timabowo), gwiritsani ntchito zimenezo. Ngati kulibe, zipangizo zili pakhomo pomwepo: njerwa zootcha bwino zophwanya, mchenga wokhakhala wa kumtsinje, timiyala ting'onoting'ono ta kwale, ndi makala ophwanya pang'ono. Njerwa ikhale yopsa ndithu, yolira mukaigogoda. Yosapsa bwino imasungunuka n'kubwerera kukhala matope. Timiyala tonse tikhale ta mamilimita 2 mpaka 5.

Sefani kawiri. Koyamba n'kochotsa zikuluzikulu. Kachiwiri, pa waya wa pazenera uja wotchinga udzudzu, n'kochotsa fumbi, ndipo kachiwirika ndi kamene anthu ambiri amadumpha. Fumbi likatsala limatsika n'kukatseka mipata yonse pansi pa mphika, madzi n'kuima pomwepo, pomwe pamwamba pakuoneka pouma. Mukasefa, tsukani timiyalato m'ndowa mpaka madzi ayere. Mchenga wosalala womangira nyumba musauyerekeze n'komwe, umagwirana n'kulimba.

Gawo la dothi lija likhale la pamwamba, lofukafuka, losakaniza ndi manyowa a masamba owolerana bwino. Katondo ndi makande ayi, amasunga madzi nthawi yaitali. Kwawo kachomeraka kamamera pa nthaka yokhala ndi laimu, ndiye kuthira zikamba za mazira zosinja pang'ono sikulakwa, ngakhale kuti sikofunika kwenikweni.

Mukasakaniza, yesani motere. Nyowetsani, tapani dzanja limodzi, finyani mwamphamvu, kenako tambasulani. Likagwirana n'kukhala chibuma, onjezani miyala. Loyenera limayoyoka lokha. Kenako liikeni mumphika n'kuthira madzi: azituluka pansi nthawi yomweyo, osayamba adikha pamwamba.

Mphika ndi kadzalidwe

Mphika ukhale ndi chiboo chachikulu pansi, ndipo upose kachomerako ndi sentimita imodzi kapena ziwiri zokha mbali zonse. Mphika waukulu umasunga madzi ambiri omwe mizu yochepayo singamwe. Kuya kwake kukhale kokwanira muzu waukulu wapakati, womwe umatsika mowongoka. Wadothi wosapaka utoto ndi wabwino kwambiri kumadera a chinyezi chifukwa umaumira m'mbali momwe. Wapulasitiki umathekanso, bola muzithirira patalipatali. Mbale yapansi ija yolandira madzi, ngati ilipo, muzikhuthula nthawi yomweyo.

Mbande yogula imabwera kawirikawiri m'dothi lakuda lonyowa la ku nazale. Ichotsenimo. Gwedezani dothi lonse, yang'anani mizu bwinobwino ngati ili ndi tizilombo toyera, dulani yakufa ndi lumo loyera, kenako igonekeni pamthunzi masiku anayi kapena asanu kuti mabala aume. Podzala, dothi likhale louma. Khosi la kachomerako, pamene thupi likumana ndi muzu, lisakwiririke ndi dothi. Lizungulizeni ndi timiyala tokhatokha, chifukwa kuwola kumayambira pakhosi pomwepa. Mukadzala, musathirire kwa sabata yathunthu, ngakhale mtima ukukuuzani kuti kakumva ludzu.

Pogwira, gwirani m'munsi. Timadontho toyera tija ndi tiubweya tosakhalira kuchoka, ndipo pomwe tachoka sitimeranso.

Malo

Kakhale pansi pa denga chaka chonse. Khonde loyang'ana kum'mawa ndi labwino kwambiri: dzuwa la m'mawa mpaka cha m'ma 10 kapena 11 koloko, kenako mthunzi wowala. Kumbukirani kuti kwawo kamabisala pansi pa zitsamba. Dzuwa la masana la mu October likhoza kukawaula tsiku limodzi lokha, ndipo chipsera chake chotuwa sichichoka. Ngati malo anu ndi a dzuwa tsiku lonse, tchingani ndi neti ya mthunzi yopepuka. Kachomera kochokera m'nyumba kapena mu shopu muzikazoloweza dzuwa pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena atatu.

Mthunzi wochuluka nawonso umaononga. Kakasowa kuwala kamasiya kuphwatalala, kamayamba kusongoka pamwamba, mtundu n'kutumbuluka. Kokhala bwino kamakhala kafupi, kolimba mukakakhudza, kobiriwira moderako.

M'dzinja yang'anani kumene mvula ya mphepo imalowera pakhonde, ndiponso pamene madzi a padenga amadonthera, n'kusuntha mphika. Uikeni pamwamba, pa shelefu kapena pa tebulo, osati pansi pomwe nkhono ndi chiswe zimafika. Mphepo izidutsa. Amene ali ku Britain aike pazenera loyang'ana kumwera, kutali ndi chotenthetsera m'nyumba. Kum'mwera kwa Africa zenera la dzuwa m'nyengo yozizira ndi loyang'ana kumpoto.

Kuthirira

Lamulo lake n'losavuta kunena: thirirani mokwanira mpaka madzi atuluke pansi, kenako dikirani dothi liume lonse mpaka pansi, ndipo likauma muonjezere masiku angapo musanathirirenso. Kuthira timadzi pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku n'koipa kuposa zonse, chifukwa khosi limakhala lonyowa nthawi zonse pomwe mizu yapansi sikulandira kanthu.

Musadalire maso. Tengani kamtengo kosongoka kouma, kalowetseni m'mbali mwa mphika mpaka pansi, kasiyeni kwa mphindi zingapo, n'kukazula. Kakatuluka kozizira, kodera, kapena komata dothi, musathirire. Njira ina ndi kunyamula mphika mutangothirira, n'kuunyamulanso ukauma. Dzanja silichedwa kuzolowera kusiyana kwake.

Kwa amene ali ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete, chaka chimayenda motere. Kumayambiriro kwa September, kukayamba kufunda, thirani madzi ochepa koyamba kuti mizu idzuke, ndipo pakatha sabata imodzi kapena awiri thirirani mokwanira. Kuyambira pamenepo mpaka November ndi nthawi imene kamakula kwambiri ndi kuchita maluwa, ndipo mphika waung'ono umauma m'masiku 7 mpaka 10. Mvula ikakhazikika, December mpaka March, kunja kumakhala kotentha koma mpweya uli ndi chinyezi, ndiye dothi limachedwa kuuma. Iyi ndiyo nyengo yoopsa. Thirirani pokhapokha kukacha bwino ndipo zikuoneka kuti dzuwa likhalapo masiku angapo. Kukakhala mvula ya mvumbi, siyani, ngakhale papite masabata atatu. Mu April muchepetse. Kuyambira May mpaka August musathirire.

Anthu ambiri zimawavuta kukhulupirira zimenezi. Kachomerako kamafota, kamatsika, khungu limachita makwinya, ndipo munthu amamva chisoni. Musathirire. Kakupuma, ndipo kupuma kouma m'nyengo yozizira ndi kumene kumabweretsa maluwa. Kuzizira pakokha sikuvuta ngati dothi lili louma ndipo sikunatsike kupitirira madigiri 5. Chimene chimapha ndi kuzizira kophatikiza ndi kunyowa, choncho a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje asamale masiku a chiperoni, mphika ulowe mkati ndithu. Ku Johannesburg ndi kumadera ena a chisanu choundana, usiku wa June ndi July ukhale m'nyumba. Ku Britain miyezi yake ndi yotembenuka: kuthirira ndi April mpaka September, kuumitsa ndi October mpaka March.

Madzi a mvula osunga m'chigubu ndi abwino koposa. Thirani m'mbali mwa mphika, osati pamutu pa kachomera, pomwe pali kadzenje kosunga madzi. Nthawi yabwino ndi m'mawa, mphika usanatenthe.

Feteleza ndi wochepa kwambiri. Wamadzi wa tomato kapena wa ma cactus, wochepa nayitrojeni, musungunule gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo wolembedwa pa botolo, kawiri kapena katatu pa nyengo yokula. Urea, CAN ndi zitosi za nkhuku ayi. Zimakatupitsa msanga, khungu n'kung'ambika, matenda n'kulowera pomwepo.

Tizilombo ndi kuwola

Mdani wamkulu ndi kodikodi, abale ake a tizilombo toyera tija timagwira chinangwa. Vuto lake pa kachomeraka n'lakuti amafanana ndi ubweya wake womwe, ndiye amabisala m'timibulu ndi m'mizere. Yang'anitsitsani pafupi kamodzi pa sabata. Ubweya weniweni ndi wouma ndipo uli pamzere. Kodikodi amamata, ali paliponse, ndipo mukamutswanya amatuluka madzi. Viikani kathonje kapena kaburashi mu spiriti n'kumukhudza mmodzimmodzi, madzulo, dzuwa litapita. Nyerere zikayamba kukwera mphika, dziwani kuti kodikodi ali pafupi. Alipo wina wokhala kumizu, ndipo chizindikiro chake n'chakuti kachomera kasiya kukula m'nyengo yokula popanda chifukwa chooneka. Kazuleni, tsukani mizu, tayani dothi lonse, tsukani mphika ndi madzi otentha, umitsani mizu masiku angapo, n'kudzalanso m'dothi latsopano. Akangaude ofiira, omwe alimi a tomato amawadziwa bwino, amabwera kukatentha ndi kuuma, ndipo amasiya khungu lofiirira pamwamba. Mankhwala ake ndi omwewo a ku tomato, potsata zolembedwa pa botolo.

Kuwola kumayambira pansi. Khosi limafewa, mtundu umasanduka wachikasu kapena wa bulauni. Mukaona msanga, zulani, dulani ndi lezala loviika mu spiriti, kagawo ndi kagawo, mukupukuta lezalalo nthawi iliyonse, mpaka pomwe mnofu uli woyera wopanda kadontho kofiira pakati. Wazani ufa wa salufa pabalapo, umitsani pamthunzi masabata awiri kapena atatu, kenako khazikani pa timiyala touma kuti katulutse mizu ina. Kunena zoona, kachomeraka n'kafupi kwambiri moti nthawi zambiri kuwola kukamaonekera kunja kumakhala kutafika kale pakati. Chimene chimathandiza kwenikweni ndi kupewa.

Kufesa njere

Iyi ndiyo njira yotsika mtengo, ndipo kwa ine ndiyo yokondweretsa koposa. Njere za Astrophytum ndi zazikulu poyerekeza ndi za ma cactus ena, zoderako, zokhala ndi kadzenje mbali imodzi, ndipo zikakhala zatsopano zimamera msanga modabwitsa. Zikagonera zaka zimachepa mphamvu. Nthawi yabwino ndi September kapena October, pamene kukutentha madigiri 22 mpaka 28.

Tengani kachitini ka pulasitiki, monga ka majarini, mukatsuke n'kukaboola pansi. Dothi ndi lomwe lija, koma losefa kuti likhale la timiyala ting'onoting'ono, mamilimita 1 mpaka 2 pamwamba pake. Liphikeni kaye: thirani madzi owira mpaka lonse linyowe, kapena litenthetseni pa nthunzi kwa theka la ola, n'kulisiya lizizire. Mukadumpha zimenezi nkhungu idzamera njere zisanamere. Yalani njere pamwamba motalikirana sentimita imodzi, kadzenje kayang'ane pansi, n'kuzidinikiza pang'ono. Musazikwirire mozama, kamchenga kokhakhala kowaza mopyapyala n'kokwanira. Kenako ikani kachitiniko m'jumbo yoonekera mkati, mangani pakamwa, ikani pamalo owala koma pomwe dzuwa silimenya mwachindunji. Jumbo yotseka ikakhala padzuwa, mbande zimapsa.

M'masiku 3 mpaka 10 mudzaona timibulu tobiriwira, kalikonse ndi timakutu tiwiri tating'ono, tina titasenzabe khoko la njere pamutu. Apa lamulo la kuumitsa lija silinayambe kugwira ntchito. Mbande zazing'ono zilibe posungira madzi, ndiye zimafuna chinyontho chosalekeza. Siyani jumbo yotseka kwa miyezi iwiri kapena itatu, mukusuzumira kawirikawiri. Kambande kena kakagwa n'kusungunuka, kachotseni pamodzi ndi dothi lozungulira, n'kutsegula jumbo kuti mupite mphepo. Mbande zikafiira ndiye kuti kuwala kwachuluka. Zikatalika n'kuonda ndiye kuti kwachepa.

Potsegula, musachotse jumbo tsiku limodzi. Boolani kachiboo, patapita masiku kuzani, mpaka pakatha masabata awiri kapena atatu zizolowere mpweya wakunja. Kuthirira kukhale kochokera pansi: khazikani kachitini m'mbale ya madzi owiritsa ozizira mpaka pamwamba panyowe, n'kuchotsa. M'nyengo yozizira yoyamba musaziumitse kotheratu monga zazikulu, muzipatsa timadzi kamodzi pa masabata awiri kapena atatu tsiku lofunda. Musathamangire kuokera. Zisiyeni pamodzi chaka chathunthu kapena kuposerapo, mpaka ziyambe kukhudzana. Maluwa oyamba muwayembekezere pakatha zaka zitatu mpaka zisanu.

Ena amafulumizitsa polumikiza mbande pa tsinde la cactus wina wokula msanga, monga Pereskiopsis kapena dragon fruit. Zimathekadi, ndipo maluwa amabwera msanga, koma kachomera kolumikiza kamatupa n'kutaya kuphwatalala kuja komwe tikukakondera. Ine ndimaona kuti kulumikiza kuli ndi ntchito populumutsa mutu wa kachomera kowola, osati polera kabwinobwino.

Kupeza njere zanu

Kachomera kamodzi sikabereka kokha. Pamafunika tiwiri tochokera ku njere zosiyana, tomasula tsiku limodzi, n'chifukwa chake ndi bwino kulera tingapo. Duwa limatseguka masana dzuwa likawala, limatseka madzulo, ndipo limakhala masiku awiri kapena atatu okha. Likatseguka bwino, tengani kaburashi kofewa, zunguzani pa mungu wachikasu wa duwa loyamba, n'kukapaka pa kansonga ka nthambinthambi komwe kali pakati pa duwa lachiwiri. Bwerezani kuchokera kwachiwiri kupita koyamba. Ngati maluwa asemphana masiku, dulani tinthambi ta mungu, tikulungeni m'pepala, tiikeni m'kabotolo kouma mufiriji, n'kugwiritsa ntchito duwa linalo likamasula m'masiku ochepa otsatira.

Zikagwira, duwa limafota koma tsinde lake limatupa n'kukhala kachipatso ka ubweya. Pakatha pafupifupi mwezi kamapsa n'kung'ambika. Masiku amenewo muzikayendera m'mawa uliwonse, chifukwa nyerere zimakonda njerezi ndipo zikhoza kututa zonse usiku umodzi. Kachipatso kakayamba kufewa kapena kugwedera mukakakhudza, kachotseni, tulutsani njere, ziumitseni papepala pamthunzi kwa sabata imodzi. Ziikeni mu envelopu ya pepala, osati ya pulasitiki, lembanipo tsiku ndi makolo ake, n'kusunga pouma ndi pozizirira. Ngati zapsa kukadali kotentha, fesani zina nthawi yomweyo, zotsalazo zidikire September.